Poizoni wa mabakiteriya m'magazi a nkhosa: kabowo kosaoneka, imfa yadzidzidzi

Oweta nkhosa m'mayiko ambiri ali ndi dandaulo lofanana. Nkhosa imene imafa mwadzidzidzi kawirikawiri si yoonda ija ayi. Imakhala yonenepa, yokonda kudya, imene dzulo lake inkakankha zinzake pamodyera. Madzulo yalowa m'khola ili bwinobwino, m'mawa yapezeka itauma gwa. Kumudzi zikatero, nkhani imathamangira kwa anthu oyandikana nawo: "Aithira tameki ameneyo." Nthawi zambiri poizoni amakhalapodi, koma palibe munthu amene wamuthira. Wapangidwira m'mimba mwa nkhosa momwemo, ndipo omupanga ndi mabakiteriya amene akhala m'matumbo mwake kuyambira ili yaing'ono.

Mwina mukudabwa kuti mphunzitsi wa Fiziki akufunanji m'khola la nkhosa. Yankho langa ndi lakuti poizoni wa mtunduwu ntchito yake ndi yochepa kwambiri: kuboola kapena kung'amba nembanemba ya selo, basi. Zotsatira zake zonse, kutupa kwa ubongo, kuphulika kwa maselo a magazi, kubanika, zimachitika motsatira malamulo omwe aja timalemba pabolodi: osmosis, diffusion ndi pulesha ya zamadzimadzi. Ndiye tiyeni tiyende limodzi ndi poizoniyu kuchokera m'matumbo mpaka m'magazi.

Alendo okhala m'matumbo

Bakiteriya wathu dzina lake ndi Clostridium perfringens. Amene anamufotokoza koyamba ndi William Welch ndi George Nuttall ku America mu 1892. Amapezeka m'dothi, m'ndowe komanso m'matumbo mwa ziweto zathanzi. Sakonda mpweya wa okosijeni, choncho m'matumbo ndi kwawo kwenikweni. Zinthu zikamuvuta amadzitsekera m'kachikwa kolimba kotchedwa spore, n'kugona m'dothi kwa zaka kudikira nthawi yabwino.

Akakhala ochepa sasowetsa mtendere. Poizoni pang'ono amene amapanga amatuluka pamodzi ndi ndowe. Vuto limayamba chakudya chikasintha mwadzidzidzi. Nkhosa imabzikula, ndipo m'chifu mwake muli tizilombo tina tambirimbiri timene timaphwanya udzu. Tizilomboti timazolowera chakudya cha masiku onse. Tsono taganizani nkhosa imene miyezi yonse ya chilimwe yakhala ikukukuta udzu wouma, kenako tsiku limodzi yapeza chimanga choyanika pamkeka, kapena yagwera m'thumba la madeya, kapena mvula yoyamba yagwa ndipo yakhuta msipu wanthete. Tizilombo ta m'chifu timalephera kumaliza ntchito, ndiye sitachi wosagayika amadutsa n'kukafika m'matumbo aang'ono. Kwa Clostridium, limeneli ndi phwando.

Bakiteriyayu ali m'gulu la amene amaswana mofulumira kwambiri. M'labu, zonse zikamuyendera bwino, amadzigawa pawiri pa mphindi pafupifupi 10 zilizonse. Tengani cholembera tiwerengere. Tikayamba ndi mmodzi, pakutha kwa ola limodzi wadzigawa ka 6, ndiye alipo 64. Maola awiri, 4,096. Maola atatu, 262,144. Maola anayi, 16,777,216. M'mimba mwa nkhosa liwiro silifika pamenepo ndendende, koma mwaona mmene nambala imathawira. Ndipo sayamba ndi mmodzi, amayamba ali kale chikhamu. Apa funso la nkhosa yonenepa layankhidwa: imene imadya kwambiri komanso mofulumira ndiyo imatumiza sitachi wochuluka kumatumbo.

Poizoni amene thupi limadzitsegulira lokha

Mabakiteriya a Clostridium perfringens amagawidwa m'magulu potengera poizoni amene amapanga. A gulu D amapanga poizoni wotchedwa epsilon. Matenda amene amayambitsa, pa Chingerezi amati pulpy kidney, ndipo alimi olankhula Chiafrikaans ku South Africa amati bloednier, kutanthauza impso ya magazi. Katswiri wa ziweto H. W. Bennetts anawafotokoza bwino mu 1932 atafufuza imfa za nkhosa ku Western Australia. Pa poizoni yense wopangidwa ndi mabakiteriya, epsilon amaikidwa pafupi ndi pamwamba penipeni, kutsatira wa botulism ndi wa kafumbata.

Chodabwitsa n'chakuti bakiteriya amamutulutsa ali wofooka, ngati mpeni umene uli m'chimake. Amene amausolola ndi nkhosa yomweyo. M'matumbo muli enzaimu yotchedwa trypsin, imene ntchito yake ndi kudula mapuloteni a m'chakudya. Poizoniyu nayenso ndi puloteni, choncho trypsin imamudula tizidutswa ta kumapeto. Akangodulidwa, mphamvu yake imakwera pafupifupi ka 1,000. Kenako amafooketsa khoma la matumbo n'kulowa m'magazi.

Zindikirani bwino mfundo iyi, chifukwa ndi imene ambiri amasokoneza pamayeso: mabakiteriyawo amatsala m'matumbo. Chimene chimayenda m'magazi ndi poizoni yekha. Mtima wa nkhosa, posadziwa kanthu, umamupopa n'kumufikitsa paliponse m'kanthawi kochepa.

Kabowo ka zidutswa 7

Selo lililonse lakutidwa ndi nembanemba yopyapyala kwambiri, yosakwana nanomita 10. Pepala la kope lanu ndi lochindikala pafupifupi 0.1 mm, omwe ndi nanomita 100,000. Ndiye kuti nembanemba ya selo ndi yopyapyala kuposa pepala ka 10,000 ndi kupitirira. Koma kanthu kopyapyala kameneka ndi kamene kamasankha cholowa ndi chotuluka. M'kati mwa maselo ambiri muli potaziyamu wochuluka, kunja kuli sodiyamu wochuluka, ndipo selo limawononga mphamvu zambiri kuti kusiyana kumeneku kusathe.

Epsilon akafika m'timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, amamatirira pa maselo amene amayala m'kati mwa timitsemphato, makamaka ta muubongo, m'mapapo ndi mu impso. Mamolekyu 7 a poizoni amagwirana n'kupanga mkombero ngati nkhata, kenako nkhatayo imalowa mu nembanemba. Pakati pake pamatsala kabowo kosatsekeka.

Kuchokera apa, poizoni wamaliza ntchito yake. Yotsala ndi Fiziki. Mwa diffusion, tinthu timachoka pamene tachuluka kupita pamene tachepa. Potaziyamu amathawira kunja, sodiyamu ndi kolorayidi amakhamukira m'kati. Mapuloteni akuluakulu a m'selo sangadutse pakabowoko, ndiye amatsalira momwemo. M'kati mwa selo zosungunuka zachuluka tsopano, ndipo madzi amazitsatira mwa osmosis. Selo limafufuma, kenako limafa. Maselo oyala mtsempha akamafa motere, khoma limakhala ngati chidebe chobooka: madzi a m'magazi pamodzi ndi mapuloteni ake amayamba kuchucha n'kudzaza minofu yozungulira.

Ubongo m'chigaza, madzi m'mapapo

Mwendo ukatupa, khungu limatamuka n'kupereka malo. Chigaza sichitamuka. Ku Fomu 3 tinaphunzira kuti zamadzimadzi sizifinyika, komanso kuti pulesha imene yaikidwa pa madzi otsekeredwa imafalikira mbali zonse. Ndi lamulo lija la Blaise Pascal, limene limayendetsa jeke wa galimoto ndi mabuleki. Madzi akamachuchira mu ubongo umene uli m'bokosi la fupa, pulesha imakwera paliponse m'bokosimo. Maselo a ubongo amapanikizika, ndipo timitsempha timene timawabweretsera okosijeni timatswanyika. N'chifukwa chake nkhosa yodwala imayenda mozandima ngati yoledzera, imagunda zinthu ngati yakhungu, imapinda khosi chagada, imagwa n'kumapalasa miyendo, kenako imakomoka.

Kumapapo nkhani ndi ya mtunda. Okosijeni amachoka m'timatumba ta mpweya kulowa m'magazi mwa diffusion, ndipo zimayenda bwino chifukwa khoma lapakati ndi lopyapyala kwambiri. Diffusion imafulumira pa mtunda waufupi, koma mtunda ukawirikiza kawiri, nthawi imawirikiza kanayi. Madzi akalowa pakati, mtunda wakula. Nkhosa imapuma mwawefuwefu koma mpweya sukufika m'magazi mokwanira. Madziwo akasakanikirana ndi mpweya amachita thovu, lija limaoneka kukamwa ndi m'mphuno. Madzi enanso amadzaza kathumba kokuta mtima, ndipo mtima umasowa malo ofutukukira kuti ulandire magazi.

Nanga magazi otsala m'mitsempha? Nkhosa ya makilogalamu 30 ili ndi magazi pafupifupi malita 2. Madzi akamathawa koma maselo n'kumatsala, magazi amalimba ngati phala limene laphwera pamoto. Tonse tikudziwa kuti kukoka phala ndi kapaipi n'kovuta kuposa kukoka madzi. Pa Fiziki timati viscosity yakwera. Mtima umene wapanikizika kale ukuyenera kukankha magazi olemera, ndipo sutenga nthawi kuti ugonje.

Pali chizindikiro china cha m'magazi: shuga. Pa matendawa chiwindi chimatulutsa shuga amene chinasunga, ndipo shuga wa m'magazi amakwera kwambiri mpaka impso zimalephera kumubweza yense, wina n'kutayikira mumkodzo. Dokotala wa ziweto akapeza shuga mumkodzo wa nkhosa imene yafa mwadzidzidzi, amakayikira msanga matenda amenewa. Dzina lija la impso linabwera chifukwa nkhosa ikafa, impso zake zimafewa mofulumira kuposa mmene zimachitira pa imfa zina, mpaka kuchita phalaphala.

Mbuzi nazonso zimadwala matendawa, ndipo izi n'zofunika kwa ife chifukwa kuno ku Malawi mbuzi n'zochuluka kuposa nkhosa. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mbuzi poizoniyu amawononga kwambiri matumbo, choncho chimene chimaoneka kawirikawiri ndi kutsekula m'mimba, nthawi zina kwa magazi.

Poizoni wina: lumo lodula maselo ofiira

Epsilon amalimbana ndi mitsempha. Koma pali poizoni wina wa Clostridium perfringens yemweyu, wotchedwa alpha, amene amalimbana ndi maselo ofiira eni ake. Iyeyu saboola ngati nkhata ija. Ndi enzaimu, ndipo amadula mafuta amene amapanga nembanemba ya selo. Mu 1941, asayansi awiri a ku Britain, Marjorie Macfarlane ndi B. C. J. G. Knight, anasonyeza zimenezi, ndipo kanali koyamba kuti poizoni wa bakiteriya atsimikizidwe kuti ndi enzaimu. Mukukumbukira khalidwe la enzaimu, eti? Siitha ikagwira ntchito. Ikadula apa imapita kukadula pena. Choncho poizoni wochepa angathe kuwononga maselo ochuluka zedi.

Maselo ofiira a nkhosa ndi aang'ono kuposa athu. Athu ndi maikulomita 7 mpaka 8 m'mimba mwake, pamene a nkhosa ndi pafupifupi 4.5, moti oposa 200 angandandalikane pa milimita imodzi. M'kadontho ka magazi ka kiyubiki milimita imodzi muli maselo ofiira pakati pa 9 miliyoni ndi 15 miliyoni. Lililonse ndi kathumba kodzaza ndi himogulobini, puloteni yofiira yonyamula okosijeni. Nembanemba ikadulidwa, mchere ndi madzi zimalowa, selo limafufuma ngati baluni, n'kuphulika. Himogulobini imamwazikira m'madzi a magazi.

Zotsatira zake zilipo zitatu ndipo zonse zimaoneka ndi maso. Choyamba, magazi amachepa mphamvu yonyamula okosijeni, ndiye nkhosa imafooka, nkhama ndi m'zikope mumayera. Chachiwiri, himogulobini yotayika imadutsa mu impso, mkodzo umafiira kapena kudera ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo impsozo zimavulala. Chachitatu, thupi limaphwanya himogulobini n'kupanga utoto wachikasu wotchedwa bilirubin. Ukachuluka kuposa mmene chiwindi chingathere kuuchotsa, maso, nkhama ndi mafuta a nyama zimasanduka zachikasu. N'chifukwa chake matenda amenewa pa ana ankhosa anapatsidwa dzina la Chingerezi lakuti yellow lamb disease. Sachitika kawirikawiri ngati a epsilon aja, koma amasonyeza bwino zimene poizoni angachite pa magazi. Palinso m'bale wake, Clostridium haemolyticum, amene amagona m'chiwindi n'kudzuka pamene nyongolotsi za m'chiwindi zachivulaza. Poizoni wake amadulanso maselo ofiira chimodzimodzi. Amagwira kwambiri ng'ombe, nkhosa mwa apo ndi apo.

Kuphulika kwa maseloku ma labu anakusandutsa chida. Pofuna kudziwa mtundu wa bakiteriya, amamudzala m'kambale ka chakudya cholimba ngati jeli, chosakaniza ndi magazi a nkhosa okwana 5 pa 100 aliwonse. Bakiteriya akakhala ndi poizoni wophulitsa maselo, mozungulira pamene wamera pamayera, kufiira kuja kumachoka. Clostridium perfringens amasiya mikombero iwiri: wam'kati woyereratu, wopangidwa ndi poizoni wina wotchedwa theta, ndi wakunja wosayeretsetsa, wopangidwa ndi alpha. Poizoni amayenda m'jeliyo mwa diffusion, n'chifukwa chake malirewo amakhala ozungulira. Ena mwa inu mudzagwira ntchito m'labu ya chipatala. Magazi a nkhosa mudzakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Timachubu titatu

Njira yosavuta yoonera zimene zachitika m'magazi ndi kuwazungulitsa. Amathira magazi m'kachubu kopyapyala, n'kukaika m'makina otchedwa centrifuge amene amazungulira ka masauzande angapo pa mphindi. Maselo ofiira ndi olemera kuposa madzi a magazi, density yawo ndi yokwera, choncho amakaunjikana kumapeto kwa kachubu, madzi n'kutsala pamwamba. Kenako amayeza ndi rula kuti gawo lofiira latenga mbali yaikulu bwanji. Pa nkhosa yathanzi limakhala pakati pa 27 ndi 45 pa 100.

Tiyerekeze kuti tili ndi timachubu titatu ta nkhosa zitatu zodwala. M'koyamba, gawo lofiira lakwera kuposa nthawi zonse. Maselo sanachuluke ayi, koma madzi ndi amene athawa. Izi zikugwirizana ndi mitsempha yochucha, kapena nkhosa imene yataya madzi ambiri. M'kachiwiri, gawo lofiira latsika ndipo madzi apamwamba ndi ofiirira kapena achikasu kwambiri. Ndiye kuti maselo aphulikira m'mitsempha momwemo. M'kachitatu, gawo lofiira latsikanso koma madzi apamwamba ndi oyera bwino. Magazi atuluka m'thupi athunthu, maselo sanaphulike.

Kachubu kachitatuka n'kofunika kukakumbukira. Mukaona nkhosa kapena mbuzi yoyera m'zikope, musathamangire kunena kuti ndi poizoni wa mabakiteriya. M'madera otentha ngati athu, wolakwa nthawi zambiri ndi nyongolotsi yoyamwa magazi yotchedwa Haemonchus contortus, imene imakhala m'chifu chomaliza. Ku South Africa anapanga khadi ya mitundu yotchedwa FAMACHA yoti mlimi aziyerekezera ndi m'chikope cha chiweto kuti adziwe chimene chikufunika mankhwala a nyongolotsi. Chizindikiro chimodzi chingakhale ndi zoyambitsa zingapo, ndipo ntchito ya sayansi ndi kuzisiyanitsa.

Magazi osaundana: apa ndiye musakhudze

Pali bakiteriya wina wopha nkhosa mwadzidzidzi amene ndiyenera kumutchula, chifukwa iyeyu amapha ndi anthu omwe. Ndi Bacillus anthracis, woyambitsa anthrax. Mosiyana ndi wa epsilon uja, iyeyu amalowa yekha m'magazi n'kuswana momwemo. Poizoni wake ali ndi zigawo zitatu. Chimodzi chimamatirira pa selo n'kupanga khomo, ndipo ziwiri zinazo zimalowera pakhomopo. China chimachititsa minofu kudzaza madzi, china chimasokoneza maselo oteteza thupi ndi oyala mitsempha. Pamapeto pake mitsempha imachucha ndipo magazi amalephera kuundana. Chiweto chimene chafa ndi anthrax kawirikawiri chimatuluka magazi akuda, osaundana, m'mphuno, kukamwa ndi kumbuyo. Chimafufuma msanga ndipo sichiuma gwa ngati mitembo ina.

Magazi amenewo adzaza ndi mabakiteriya. Akangokumana ndi mpweya, amasanduka ma spore amene angakhale m'dothi zaka makumimakumi. Ndiye kusenda chiweto chotere ndi kufesa matenda pamalopo, kuphatikizapo kudziika pachiswe. Munthu amawatenga kudzera pabala la pakhungu, pakudya nyamayo, kapena pokoka ma spore ndi mpweya. Si nkhani ya kutali: chakumapeto kwa 2018 anthrax anapha mvuu zambiri ku Liwonde National Park, ndipo mu 2023 anthu mazanamazana ku Zambia anaganiziridwa kuti atenga matendawa.

Ndikudziwa mmene zimakhalira chiweto chikafa pakhomo. Ndiwo n'zosowa, ndipo wina amati, "Aaa, tingoiwiritsa kwambiri." Koma ngozi yayamba kale pa amene akusenda ndi kudula, moto usanakolezedwe n'komwe. Komanso ndi maso okha simungasiyanitse motsimikiza nkhosa imene yafa ndi epsilon ndi imene yafa ndi anthrax. Lamulo likhale limodzi: chiweto chimene chafa chokha mwadzidzidzi sitisenda, sitidya, sitigulitsa, sitipatsa agalu. Timaitana mlangizi wa ziweto, ndipo iye ndi amene anganene zochita ndi mtembowo kapena kutumiza magazi ku labu.

Bwanji osangobaya mankhwala?

Funso labwino. Mankhwala opha mabakiteriya, monga penisilini, amaphadi Clostridium. Koma sachotsa poizoni amene watuluka kale, ndipo satseka mabowo amene abooledwa kale. Pamene nkhosa ikuyamba kuzandima, nkhata zija zili kale m'mitsempha ya muubongo. Ana ankhosa ambiri amafa m'maola ochepa, mwini wake asanaone n'komwe kuti akudwala. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Choncho nkhondo ya matendawa imamenyedwa asanafike.

Chida chachikulu ndi katemera, ndipo mbiri yake ili ndi nkhosa pakati. Mu 1881, pa famu ya Pouilly-le-Fort ku France, Louis Pasteur anatenga nkhosa pafupifupi 50, theka n'kuzibaya katemera wa anthrax, kenako zonse n'kuzipatsa mabakiteriya amphamvu anthu akuonerera. Zosabayidwa zinafa, zobayidwa zinapulumuka. M'zaka za m'ma 1930, Max Sterne, akugwira ntchito ku Onderstepoort pafupi ndi Pretoria, anapanga katemera wa anthrax amene ziweto zikubayidwabe m'mayiko ambiri mpaka lero.

Katemera wa pulpy kidney ndi wa mtundu wina. Salimbana ndi bakiteriya koma ndi poizoni. Nzeru yake inachokera kwa Gaston Ramon wa ku France, amene m'zaka za m'ma 1920 anapeza kuti poizoni wa bakiteriya akathiridwa formalin amasiya kupha koma maonekedwe ake amatsala. Poizoni wofoola chonchi amatchedwa toxoid. Thupi likamuona limapanga asilikali, ma antibody, ogwirizana ndi maonekedwewo. Tsiku limene epsilon weniweni walowa m'magazi, asilikaliwo amamugwira asanamatirire pa selo, ndipo nkhata ya zidutswa 7 ija siipangika. Katemera wa kafumbata amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo amagwira ntchito mwa njira yomweyi.

Nkhosa imene sinabayidwepo imafunika jakisoni kawiri, motalikirana milungu 4 mpaka 6, kenako wokumbutsa chaka chilichonse. Mbuzi chitetezo chake chimatha msanga, choncho zimafunika kubwereza pafupipafupi. Nkhosa ya bere imabayidwa kutatsala pafupifupi mwezi umodzi kuti iswe. Chifukwa chake n'chosangalatsa: pa nkhosa, asilikali a mayi sadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba. Mwana amabadwa wopanda chitetezo, ndipo amachilandira kudzera mumkaka woyamba wachikasu uja. Matumbo ake amalola asilikaliwo kulowa m'magazi pa tsiku loyamba lokha, kenako khomo limatsekeka. Mwana wankhosa amene sanayamwe bwino tsiku loyamba wayamba moyo ali pambalambanda.

Chida chachiwiri sichifuna ndalama. Chakudya chisinthidwe pang'onopang'ono, kwa milungu iwiri kapena itatu, kuti tizilombo ta m'chifu tizolowere. Madeya ayambe ndi kadzanja, osati beseni. Mvula ikangoyamba, ziweto zidye kaye udzu wouma kapena mapesi zisanapite kumsipu wanthete. Nthawi yokolola, chimanga choyanika ndi matumba a madeya zikhale kumene nkhosa ndi mbuzi sizingafike. Ambiri mwa inu ndi amene mumatsekulira ziweto m'mawa musanapite kusukulu, ndiye mbali imeneyi ili m'manja mwanu.

Yesani nokha

Osmosis mungaione kukhitchini popanda kukhudza magazi kapena chiweto chakufa. Dulani timizere titatu ta mbatatesi totalika masentimita 5 kalikonse. Kena kaikeni m'madzi wamba, kena m'kapu ya madzi othira mchere supuni yaing'ono imodzi, kena m'kapu ya madzi othira mchere masupuni aakulu atatu. Pakatha maola awiri, yezaninso ndi rula ndipo mupinde kalikonse ndi zala. Ka m'madzi wamba kadzalimba n'kutalika pang'ono. Ka mumchere wambiri kadzafota n'kukhala lobodo.

Mukatero, ganizirani mafunso awa. Selo la mbatatesi likamwa madzi limangolimba, koma selo lofiira la magazi likaikidwa m'madzi wamba limaphulika; kodi la mbatatesi lili ndi chiyani chimene la magazi lilibe? Nanga n'chifukwa chiyani diripi ya kuchipatala imakhala ndi mchere wokwana magalamu 9 pa lita, osati madzi okhaokha? Lembani mayankho anu m'munsimu pamodzi ndi miyeso imene mwapeza. Amene kwanu kuli nkhosa kapena mbuzi, funsaninso makolo kuti zinabayidwa liti katemera komaliza, ndipo ngati sizinabayidwepo, mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu ndi amene angakuuzeni kumene katemerayo akupezeka.